Ndalama ya mwana si chifundo ayi, achemwali

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo, dzina ndabisa. Akuti: "Mwana wanga ali ndi zaka 5, bambo ake anatisiya ali ndi miyezi 8. Amatumiza kangachepe akafuna okha, ndikawakumbutsa amati ndikufuna tibwererane ndiye ndinangosiya. Pano mwana wayamba kufunsa kuti adadi ali kuti. Usiku tulo sindikupeza. Nditani?"

Achemwali pepani kaye, mwasenza zambiri. Koma pamene pandiwawa ine ndi apo mwati "ndinangosiya". Mwasiya ndalama ya ndani? Si yanutu imeneyo, ndi ya mwana. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe pafupifupi mayiko onse analivomereza, pa ndime 18 limati kulera ndi udindo wa makolo onse awiri, ndipo ndime 27 imalamula maboma kuonetsetsa kuti kholo likupereka chisamaliro ngakhale litathawira kunja. Ndiye inu simukupempha ngati wamasikini, mukulondola chake cha mwana basi.

Zoimbirana foni ndi bambo a mwanayo zithe, ndi zomwe zimawapatsa mpata wonena zobwererana. Lembani meseji youma gwa: fizi ndi yakuti, ikufunika pofika tsiku lakuti, mankhwala ndagula akuti. Osayikamo za chikondi, osayikamo zotukwana, ngakhale zala zikuyabwa bwanji. Akayankha tengani screenshot, akapanda kuyankha tenganinso. Malisiti a kusukulu ndi kuchipatala muziponya mu envulopu imodzi, ndipo mukhale ndi kakope kolembamo deti ndi ndalama iliyonse yomwe atumiza, olo ichepe motani, chifukwa tsiku lomwe mudzapite ku ofesi yoona za ana kapena kukhoti sakakufunsani kuti munalira kangati, akakufunsani umboni, ndipo munthu amene amati "ine ndimathandizatu" amasowa chonena kakope kaja kakatsegulidwa.

Za funso la mwanalo, chonde musamunamize kuti adadi anamwalira kapena ali ku ntchito kutali abwera mawa. Bodza lotero limadzaululika, ndiye wodzaoneka wabodza ndinu amene mwavutika naye. Ana a msinkhu uwu amaganiza kuti chilichonse chimachitika chifukwa cha iwo, mwina mumtima mwake akuti adadi anathawa poti ine ndimavuta. Mukhazikeni pamwendo, mumuuze mwachidule: "Ine ndi adadi ako sitikhala limodzi. Si iwe unalakwitsa. Ine ndilipo, sindikupita kulikonse." Adzafunsanso mawa, ndi mkuja, yankho likhale lomwelo. Zoipa za bambo akezo kakhuthuleni kwa mnzanu wapamtima mwana ali kosewera. Akadzakula adzaona yekha, ana si opusa.

China, anthu amakonda kutitonthoza ndi Barack Obama, eti taonani analeredwa opanda bambo koma anakhala pulezidenti. Zoona, bambo ake anachoka iye ali wakhanda ndipo anadzawaonanso kamodzi kokha mu 1971 ali ndi zaka 10. Koma chomwe satchula nchakuti kuyambira nthawi yomweyo mnyamatayo ankakhala kwambiri ndi agogo ake mumzinda wa Honolulu ku America. Mayi ake sanalere okha. Nanga inu mukufuna mendulo ya chani? Pezani anthu awiri kapena atatu oti mutha kuwasiyira mwana mutadwala mwadzidzidzi, kaya ndi mchimwene wanu, kaya mayi mnzanu woti muzisinthana kukatenga ana kusukulu, ndipo muwauziretu lero, osadikira tsiku la ngozi.

Za tulozo sindikuzitenga mwachibwana. Ngati zapitirira masabata awiri, mukungolira, kudya simukufuna, zomwe zinkakusangalatsani zonse zazizira, pitani kuchipatala mukawauze monga mwandiuzira inemu. Matenda a nkhawa amachizika, ndipo si kuchepa kwa pemphero. Mukapitako mundilemberenso, ndimve kuti zayenda bwanji ndi meseji ija.