Achemwali a ku East Bank, ndalama za gule ku khonsolo musaziwerengere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, mlembi wa kagulu ka achinyamata ndi amayi kamene kamavina utse ndi likhuba. Akufuna kuchititsa chikondwerero cha magule mvula isanagwe, ndiye akufunsa ngati ku khonsolo kuli thumba loti angapempheko ndalama, komanso kuti pulopozo yake alembe bwanji. Funso lake ndi lomweli basi. Ndinaliwerenga usiku ndili pakhonde magetsi atathima, kutentha kwa kuno mukukudziwa kale, ndipo m'malo moyankha ndinangoyamba kuseka ndekha mpaka mayi a kunyumba kutuluka kudzafunsa kuti kodi mwayamba liti kuseka ndi foni. Sindimaseka inu achemwali. Ndimadziseka ndekha, chifukwa pulopozo imene mukufuna kulembayo ine ndinailemba kale, ndipo mpaka lero ili m'nyumba muno, ya chikuto cha pulasitiki, mayi amakupizira mbaula.

Madzi a mu Januwale 2015 aja atasefukira, kwathu sanatenge nyumba ndi mbuzi zokha ayi, anatenganso valimba yathu ndi ng'oma zonse, zinali m'kanyumba kena kosawotcha njerwa kuseri kwa nyumba ya amfumu. Amene simunaionepo valimba, ndi mitengo yosema yoyalidwa pa chimango, pansi pake pali zipanda zazikulu ndi zazing'ono, ndipo imaimbidwa ndi anthu angapo nthawi imodzi, ikamalira usiku mumaimva muli tsidya lina la dambo. Tinali ndi agogo amodzi okha amene ankadziwa kusema ndi kutchuna mitengoyo, amangogogoda kamodzi nkumvetsera, kenako nkupala pang'ono ndi kasemasema. Ndiye ife achinyamata ophunzira, a Fomu 4 athu, tinati ayi, zimenezi boma liyenera kutithandiza, si chikhalidwe kodi? Tinakhala pansi masiku atatu, tinalemba pulopozo m'Chingerezi cholemera choti ngakhale eniakefe sitimachimva bwino, bajeti yake munali zonse, zikopa, mayunifomu, PA system, chakudya cha alendo, mpaka alawansi ya komiti, eeh alawansi sitinaiwale. Tinakataipitsa pa malo ena otaipa, nkumangitsa bwinobwino, ine monga mlembi ndi amene ndinatumidwa kukapereka ku boma.

Ulendo woyamba anati abwana ali ku msonkhano. Wachiwiri anati ofesi yake si ino, mupite khomo linalo, khomo linalo linali lokhoma. Wachitatu ndinapeza munthu, anailandira, anaitsegula, anati mwalemba bwino kwambiri, tikuimbirani. Ulendo uliwonse ndi kabaza kaye kenako minibasi, pobwerera dzuwa lili paliwombo m'mimba muli gwaa, ndipo ndalama yake imachokera m'thumba la gulu lomwelo losaukalo. Titawerengera pambuyo pake tinapeza kuti thiransipoti yokha ikanagula mbuzi, kapena zikopa zonse zimene timafunazo. Ulendo wachinayi ndi umene ndinaphunzira, koma osati mu ofesi. Bambo ena achikulire ogwira ntchito pamenepo, amene ankandiona ndikubwerabwera, anandiitanira pansi pa mtengo nkundifunsa kuti, mwana wanga, kodi zimene ukupemphazi zili mu VAP ya kwanu? Ine kukamwa yasa, VAP nchiyaninso? Anangopukusa mutu nkunena kuti ndiye ukungotha nsapato.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndikukupatsani lero. Kuchokera mu 1998, pamene kunabwera lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu, chitukuko pa pepala chimayenera kuyambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, imakhala pansi nkulemba zosowa za m'deralo, imeneyo ndiyo VAP, zimapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo komwe amazisanja nkulowetsa mu dongosolo la chitukuko cha boma lonse, DDP. Ndalama zikabwera, kaya ndi za DDF, thumba la chitukuko cha boma lonse, kaya za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kaya za pulojekiti ya GESD ija ya World Bank, zimayenera kutsata zimene zili m'dongosolomo, ndipo pafupifupi zonse zimathera pa zomangamanga, midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, timilatho, mijigo, mashedi a mumsika. Kawindo koti kagulu ka magule kafike ndi pulopozo nkutuluka ndi cheke ine sindinakaonepo. Za kumayiko a azungu zoti khonsolo imalengeza kuti magulu a m'dera apemphe ndalama za zikondwerero timangoziwerenga pa intaneti, ndipo ndikukayikira kuti nanunso achemwali munaziona komweko.

Poyamba ndinkati basi nzomveka. Munthu amene anaona zimene namondwe Ana anachita mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, anthu a ku Makhanga atadulidwa osafikika pa msewu, ana akuphunzira pansi pa mitengo chifukwa makalasi asanduka kampu, angaime bwanji pa msonkhano wa ADC nkunena kuti siyani kaye mlatho tigule ng'oma? Ineyo sindingaime. Koma ndikamakula ndikuona kuti nkhani si kusowa kwa ndalama kokha ayi. CDF inayamba mu 2006 ili kandalama kochepa, inafika K100 miliyoni mu 2022, K200 miliyoni mu 2024, dera lililonse la phungu, chaka ndi chaka. Mundiuze, pa zaka zonsezi, ndi madera angati kuchigwa kuno amene ali ndi kanyumba kolimba, kokwera, kosungiramo ng'oma ndi valimba kuti madzi asadzatengenso? Kanyumba kameneko ndi chomangamanga, kakanatha kulowa bwinobwino. Sikalowa chifukwa m'mitu mwa akuluakulu athu gule si chitukuko, gule ndi cholandirira alendo. Galimoto za abwana zikamabwera kudzatsegulira mjigo ndi pamene amakumbuka kuti kuno kuli utse, amayi amaitanidwa mamawa, amavina pa dzuwa mpaka masana, alendo amalandira alawansi m'maenvelopu, ovina amapatsidwa botolo la zakumwa ndi bani imodzi, mwinanso osapatsidwa. Zimenezi zimandiwawa kuposa maulendo anga anayi aja.

Ndipo poti ndayamba, ndinene za olemekezeka. Khonsolo itatikanika, ena m'gulu anati tipite kwa bwana wina wandale, iyeyu sachedwa. Zoonadi sanachedwe, analonjeza pompo, koma anati adzakhale mlendo wolemekezeka. Tsiku litafika tinayala mipando 9 koloko, iye anafika cha m'ma 2, ndi gulu lake la anyamata ndi nsalu za chipani zimene anayamba kugawira amayi athu ovina. Nyimbo za utse zimene agogo athu ankaimba zodzudzula amuna aulesi ndi apongozi ovuta zinasinthidwa pomwepo nkulowetsamo dzina lake. Pa maikolofoni analengeza ndalama yoti anthu anaimba nthungululu, envelopu titakaitsegula madzulo munali yosakwana ndi theka lomwe, yotsalayo akuti ibwera, mpaka lero ikubwerabe. Koma choipitsitsa si chimenecho. Mawa lake theka la mudzi, a chipani china, anati gulu lija lagulidwa, anasiya kubwera, msungichuma wathu anayamba kunenedwa kuti wadya ndalama chifukwa anthu anamva chiwerengero cha pa maikolofoni chija, mayi wosalakwa mpaka anasiya kupita kumjigo masana. Gulu limene madzi analephera kulimwaza linamwazika ndi envelopu imodzi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawa, koma gule akafuna kumugula amamugula chaka china chilichonse.

Apa ndiye maganizo anga anaumiratu ndipo sindibisa. Ife a kuchigwa tazolowera kulembedwa maina. Si kulakwa kwathu kokha, madzi akabwera chaka ndi chaka mabungwe amabwera ndi makaundula, ndiye mwana amakula akudziwa kuti chinthu chilichonse chimayamba ndi kulembetsa nkudikira. Koma taganizani, maliro akagwa usiku, pofika mmawa ufa wasonkhedwa, nkhuni zafika, adzukulu ali kumanda, ndani analemba pulopozo? Ukwati wa mwana wa munthu wosauka, perekaniperekani yekha amatulutsa ndalama zoti komiti yathu ija sinazigwirepo. Ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona wakhala akumangidwanso ndi manja a anthu kwa zaka mazanamazana, kalekale kusanabwere DC kapena khansala, anthu ankabweretsa okha nsalu yakuda ndi zopereka kuchokera kutali. Makhansala enieniwo dziko lino linakhala opanda kuyambira 2005 mpaka 2014, magule sanaime. Anzathu a Mulhako wa Alhomwe akamasonkhana pa Chonde mu Okutobala timasirira magalimoto, koma kumbuyo kwake kuli anthu awo amene amasonkha, amalonda, ogwira ntchito m'tauni. Ifenso tili nawo ana athu ku Blantyre, ku Nchalo ku mizimbe, ena ku Joni, amene pa Facebook amalemba kuti ndine Msena weniweni, ndine Mmang'anja wa kwa Lundu. Auzeni atsimikize pa Airtel Money kapena Mpamba.

Valimba yathu inabwerera motero. Agogo aja anangoti mundipezere mitengo ndi zipanda, ndi fodya wanga. Amayi a banki mkhonde anabwereketsa kandalama, wopha ng'ombe wina wa pamsika anatipatsa zikopa ziwiri ulere, aphunzitsi a pa pulayimale anatibwereka bwalo. Zinatenga miyezi iwiri. Pulopozo ija inatidyera pafupifupi chaka.

Nanga ku khonsolo osapitako?

Pitaniko, koma mudziwe chimene mukukatenga. Choyamba gulu lanu likhale lodziwika, mukalembetse ngati CBO, ndiye kuti bungwe la m'dera, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma, kapena ngati kalabu ku ofesi ya achinyamata, mutatenga malamulo a gulu olembedwa, maina a komiti, maminitsi a misonkhano ndi kalata ya amfumu. Za NGORA ndi CONGOMA zisakuvutitseni pakadali pano, zimenezo ndi za mabungwe akuluakulu. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, osati nambala ya foni ya tcheyamani, ndakuuzani kale zimene zinamuchitikira msungichuma wathu. Kenako muzipezeka pa misonkhano ya VDC, mulowetsemo munthu wanu ngati nkotheka, ndipo musakapemphe chikondwerero, mukapemphe chinthu chokhalitsa, shedi kapena holo ya m'dera yokhala ndi kachipinda kosungiramo katundu, munenenso kuti idzathandiza sikelo ya ana ndi misonkhano, ngakhale kothawirako madzi, pamenepo akumverani. Chaka cha boma cha ndalama masiku ano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye zokambirana zake zimachitika miyezi ingapo m'mbuyo, mukafika mu Seputembala kufuna ndalama za mu Okutobala mwachedwa kalekale. Khansala wa wodi yanu mumugwire, ntchito yake ndi imeneyo.

Za chikondwerero chenichenicho, ku khonsolo mukatengeko kalata yokuzindikirani, chilolezo cha malo, ndipo mudziwitse apolisi. Kalata imeneyo ndi imene imatsegula zitseko zina. Mabungwe onse ogwira ntchito m'boma amadutsira ku DEC, komiti ya akuluakulu a maofesi a pa boma, ndiye a ku khonsolo amadziwa amene ali ndi uthenga wa kolera, wa maukwati a ana kapena wa kusamuka m'malo a madzi ndipo akusowa gulu la anthu loti awauze. Inu gulu muli nalo. Apatseni mphindi makumi awiri pa pulogalamu, iwo abweretse tenti ndi zokuzira mawu. Makampani ndi mashopu muwapemphe katundu, shuga, madzi, mafuta a jenereta, ndalama amaumira koma katundu amapereka. Wandale akafuna kubwera abwere ngati wina aliyense, muitane a mbali zonse, ndipo envelopu itsegulidwe pomwepo anthu akuona.

Pulopozo lembani ya masamba awiri basi, m'Chichewa momveka, alawansi ya komiti muichotsemo.

Takhuta achemwali pondikumbutsa zakale, ngakhale mwandigonetsa mochedwa. Tsiku mukalikhazikitsa mundiuze, ndidzawoloka ndi kathumba ka mapira, koma musadzandiike kutsogolo pa mipando ya alendo, ndidzakhala kumbuyo kwa oimba ng'oma. Ndipo mundifunsireko kumeneko ngati kudakali munthu wodziwa kutchuna valimba. Agogo athu aja anatisiya chaka chathachi, mitengo iwiri ya pakati yayamba kulira mosokonekera, ndipo anyamata amene ankati aphunzira onse ali pa kabaza ku Bangula.