Funsani Azakhali: Kodi mwamuna n'kumupatsa maluwa?

Azakhali,
Ndili ndi chibwenzi ndipo tsiku lake lobadwa layandikira. Chaka chatha ndinamugulira malaya, chinacho wotchi, ndiye pano nzeru zandithera. Mtima wanga ukufuna maluwa koma anzanga akundiseka, eti maluwa ndi a akazi, mwamuna angaone ngati ndikumuchepetsa. Ndipange bwanji? Ndipo ngati n'zotheka, maluwa ake ati?
Mtsikana wa zaka 26

Mwanangu, mupatse ndithu usaope. Zoti maluwa ndi a akazi okha zilibe mutu. Pa masewera a Olympics a ku Tokyo aja anachitika mu 2021, aliyense wopata mendulo, kaya wankhonya kaya wonyamula zitsulo, ankalandira kamtolo ka maluwa m'manja, munali mpendadzuwa wa ku Miyagi ndi maluwa ena a ku Fukushima ndi Iwate, madera amene anasakazidwa ndi chivomerezi ndi tsunami mu 2011, ndipo amuna amphamvu aja ankawakweza m'mwamba akumwetulira. Ngakhalenso Father's Day pomwe inkayamba ku Spokane ku America mu 1910, duwa lake linali rozi, lofiira kwa amene bambo ake ali moyo, loyera kwa amene bambo ake anatisiya.

Chimene amuna ambiri amachita nacho manyazi ndi maso a anthu basi. Ukamutumizira chimtolo chachikulu chokulunga m'mapepala a pinki ndi maliboni kuntchito kwake anzake onse akuona, akhoza kuuma nkhope, osati poti sanakonde koma sakudziwa kuti achiike pati ndipo akudziwa kuti anzakewo amuseka mpaka poweruka. Mupatse muli awiri, wekha ndi manja ako, kokulunga kakhale kapepala wamba kabulauni ndi kachingwe.

Maluwa ake, ine ndimakonda aakulu ochepa kusiyana ndi ting'onoting'ono tambirimbiri. Mpendadzuwa atatu kapena asanu amawalitsa chipinda chonse. Pali strelitzia, ena amati bird of paradise, kwawo ndi ku South Africa, duwa lake la olenji ndi buluu limaoneka ngati mutu wa mbalame, limodzi lokha limakwana. Protea nayenso ndi wabwino kwambiri kwa mwamuna amene sangamasinthe madzi pafupipafupi chifukwa amakhalitsa ndipo akauma amaonekabe bwino miyezi ndithu, ngati bwenzi lakolo limatsata kiriketi adziwa kuti timu ya South Africa imatchedwa ndi dzina la duwa lomwelo. Anthurium amatha masabata awiri kapena kuposa ali m'madzi. Marozi ofiira nawonso alibe vuto, ndi chibwenzi chako, ukuopa chani? Za mtundu usavutike, tangoyang'ana zovala zimene amakonda. Koma ngati amayetsemulayetsemula kapena ali ndi mphumu, pewa onunkhira kwambiri monga malily.

China chimene atsikana ambiri amaiwala: anyamata ambiri m'nyumba mwawo mulibe choikamo maluwa. Pita nalo botolo lake. Ukafika dula matsinde mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, thothola masamba onse amene angamire chifukwa ndi amene amaola n'kununkhitsa madzi, ndiye umuuze azisintha madziwo masiku awiri alionse. Asawaike padzuwa kapena pafupi ndi zipatso zakupsa, zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umafotetsa maluwa msanga. Kakadi usaiwale, ulembe ndi dzanja lako.

Azakhali,
Amuna anga akwezedwa kuntchito ndipo apatsidwa ofesi yawoyawo. Ndikufuna kuwagulira chomera cha mumphika choti aziika patebulo. Vuto ndi loti ndi munthu woiwalaiwala komanso amayendayenda, nthawi zina sabata ziwiri ofesi ili yotseka. Ndinaona timitengo ta bonsai pa intaneti ndiye ndinatikonda kwabasi. Kodi tingawayenere? Mwina ndigulenso china cha kunyumba, tili ndi mwana wokwawa komanso mphaka.
Mayi wa ana awiri

Achemwali, mwachita bwino kundiuza mmene abambowo alili chifukwa poyambira ndi pomwepo. Posankha chomera cha mwamuna anthu amathamangira kufunsa kuti "chooneka chachimuna ndi chiti", pomwe mafunso enieni ndi akuti chikakhala pati, kuwala kumafika bwanji pamenepo, ndipo mwiniwakeyo ali ndi nthawi yochuluka bwanji yochisamalira. Mukaphonya pamenepa chomera chimafa pakatha mwezi, munthu n'kumadziimba mlandu kuti wapha mphatso ya mkazi wake, zimene si zabwino kwa nonse awiri.

Ndiye bonsai ayi, ndikukanizeni poyera. Ndi tokongola zedi, luso limeneli linakhwimira ku Japan litachokera ku China, koma ndi mtengo weniweni wokhala m'kambale kosaya, dothi lake ndi lochepa moti limauma msanga, nyengo yotentha kamafuna kuonedwa tsiku ndi tsiku, kuwonjezera apo kudulira nthambi ndi mizu. Yambiri mwa mitengo imeneyi ndi ya panja, mukaitsekera muofesi imayoyoka masamba. Sabata ziwiri popanda madzi akapeza nkhuni. Bonsai ndi mphatso ya bambo amene amakonda kale kugwiragwira zomera ndipo nthawi ali nayo, mwina amene anapuma pantchito.

Kwa amuna anuwo ndikusankhirani ziwiri. Choyamba ndi sansevieria, ogulitsa ambiri amati snake plant, cha masamba aatali osongoka oima chilili, kwawo ndi kumadzulo kwa Africa. Chimapirira kuwala kochepa ndipo madzi chimafuna dothi likaumiratu, mwina kamodzi pa sabata ziwiri kapena zitatu, nyengo yozizira ngakhale kamodzi pamwezi. Chachiwiri ndi ZZ plant, dzina lake lenileni Zamioculcas, cha kum'mawa kwa Africa, masamba ake ndi obiriwira kwambiri onyezimira moti anthu amayamba akhudza kuti aone ngati si pulasitiki. Pansi pa dothi chili ndi timizu tonenepa tosunga madzi, n'chifukwa chake munthu amatha kupita ulendo n'kubwerako chili bwinobwino. Zonse ziwirizi chimene chimazipha ndi madzi ochuluka, kuiwala sikuzipha. Mizu ikakhala m'chinyezi imaola, masamba n'kuyamba chikasu, munthu n'kuganiza kuti chili ndi ludzu n'kuwonjezeranso madzi, basi chapita. Muwaphunzitse kulowetsa chala m'dothi, chikatuluka ndi chinyontho asathirire.

Kakitasi anthu amangoti ndi wa amuna poti ali ndi minga ndipo safuna madzi ambiri, koma amafuna dzuwa lambiri. Ngati tebulo lawo lili pafupi ndi zenera lolowa dzuwa ndiye bola, kakitasi, alovera kapena jade plant zichita bwino. Ngati ofesiyo imadalira magetsi tsiku lonse, kakitasi amatalika moonda n'kutuwa. Ndiye musanagule afunseni mochenjera kuti zenera lili mbali iti.

Mphika wake muuyang'ane pansi, pakhale chibowo chotulukira madzi ndi kambale kolandirira kuti mapepala a patebulo asanyowe. Miphika yambiri yokongola ilibe chibowo, ngati mwaukonda wotero ikani chomeracho mu kapulasitiki kobowola n'kulowetsa mkati mwake. Wadothi woumba ndi wabwino kwa zomera zosafuna madzi chifukwa umaumitsa msanga. Ogulitsa ena akuuzani kuti zomerazi zimayeretsa mpweya, nkhaniyo inachokera pa kafukufuku wa 1989 wa NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, koma anachitira m'mabokosi otseka, m'chipinda chenicheni chomera chimodzi sichisintha zambiri, kutsegula zenera kumaposa. Chiguleni chifukwa ndi chokongola ndipo akachiona azikumbukira inu.

Za kunyumbazo ndiye mumvetsetse. Dieffenbachia, peace lily ndi ZZ yemweyo zili ndi madzi oyabwa, mwana akatafuna tsamba m'kamwa mumaotcha n'kutupa. Sansevieria, alovera ndi jade zimadwalitsa mphaka ndi galu akadya. Choopsa kwambiri ndi malily enieni aja a m'mitolo ya maluwa, mphaka akangonyambita mungu wake kapena kumwa madzi a m'botolo impso zimatha kusiya kugwira ntchito, amenewo asalowe m'nyumba mwanu. Gulani spider plant kapena orchid wa mtundu wa Phalaenopsis, alibe poizoni, ndipo orchid ameneyu maluwa ake amakhala miyezi iwiri kapena itatu. Muikebe pamwamba pomwe mwana sangafike, ana okwawa amadya ndi dothi lomwe.

Azakhali,
Ine ndine mwamuna. Mnzanga wa pamtima wagonekedwa m'chipatala atachitidwa opaleshoni. Kodi zingaoneke zachilendo nditamutengera maluwa?
Mnyamata wodera nkhawa mnzake

Achimwene, palibe chachilendo, munthu wogona pabedi tsiku lonse akuyang'ana khoma amasangalala kuona chinthu chamoyo pambali pake. Koma yambani mwafunsa anesi, zipatala zambiri sizilola maluwa kapena zomera za m'dothi m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi mwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, poopa tizilombo ta m'madzi ndi m'dothimo. Akalola, tengani kamtolo kakang'ono kosanunkhira kwambiri chifukwa munthu wochokera ku opaleshoni fungo limamuchititsa nseru ndipo m'wodimo muli anzake, kakhale kale m'botolo lake loti likwane pa kakabati ka pambali pa bedi. Akakana, dikirani atuluke mukamupatsire kunyumba chomera cha mumphika, ndipo masabata oyambawo muzimuthirira ndinu mukapita kukamuona, iye asamawerame kapena kunyamula mphikawo bala lisanapole.