Yankho kwa azakhali pa za galimoto yotsegula denga

Azakhali, uthenga wanu ndaumva, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Mwafunsa kuti msuweni wanga, amene akufuna kugula BMW Z4 ya denga la chinsalu ku Manchester, ku Britain, angapulumuke bwanji itagubuduzika, popeza pamwamba pa mutu wake palibe chitsulo chilichonse. Ndayankha pagulu pano kuti mwiniwakeyo amve nawo.

Chinsalucho ntchito yake ndi kutchinga mvula ndi mphepo basi, ndipo opanga magalimoto amenewa sachiwerengera n'komwe pa nkhani ya ngozi. Galimoto ikachotsedwa denga imafooka thupi lonse, monga chigubu chimene mwachidula pamwamba chimayamba kupindika mukachinyamula. N'chifukwa chake mphamvu imene ikanakhala kudenga amaisamutsira kwina: amakhwimitsa zitsulo za m'munsi mwa zitseko, amapingasa zina kunsi kwa galimoto, ndipo mizati iwiri yogwira galasi lakutsogolo amaipanga ndi chitsulo cholimba kwambiri kuti isaphwanyike galimoto ikagona chagada.

Kumbuyo kwa mipando kumakhalanso zitsulo zokhota. Pa Z4 zimaonekera nthawi zonse kuseri kwa potsamira mutu, pomwe pa magalimoto ena zimabisika n'kutumphuka zokha. Mercedes-Benz SL ya 1989 ndiyo inayamba ndi chitsulo chotere, chimene chinkadzuka m'masekondi 0.3 galimoto ikayamba kupendekeka moopsa. Galimoto ikatembenuzika imatsamira pa mizati ya galasi kutsogolo ndi pa zitsulozi kumbuyo, ndipo munthu amapulumukira m'kampata kamene katsala pakati. Poti msuweni wangayu ndi wamtali, akapita kukaiona akhale pampando, mnzake agoneke ndodo yowongoka kuchokera pamwamba pa galasi kufika pa chitsulo chakumbuyocho. Mutu wake ukhale pansi pa ndodoyo, ndipo patsale mpata. Ukaigunda ngakhale atatsitsa mpando, galimotoyo si yake, kaya ikongole bwanji.

Apa ndi pamene lamba amakhala nkhani yaikulu kuposa zonse. Kampata kaja kamateteza munthu yekhayo amene wakhazikika pampando, ndipo pa ngozi lamba wa magalimoto amakono amadzikoka yekha m'kanthawi kochepa kuti thupi lisanyamuke. Bungwe la ku America lofufuza za chitetezo cha pamsewu, la IIHS, linapeza mu 2020 kuti oyendetsa magalimoto otsegula denga safa kwambiri kuposa oyendetsa magalimoto amtundu womwewo a denga lachitsulo. Koma mwa oyendetsa 100 alionse amene anafera m'magalimoto otsegula, 21 anachita kuponyedwa kunja, pomwe m'enawo anali 17. Choncho ngati pali chinthu choti mumuumirize mwana wanu, azakhali, ndi lamba, ngakhale pa ulendo wongopita kukagula buledi.

Ma airbag, matumba a mpweya amene amafufuma pa ngozi kuti ateteze munthu, alimo kutsogolo ndi m'mbali. Kusiyana kwake n'kwakuti m'galimoto wamba airbag yoteteza mutu imatsika kuchokera kudenga, pomwe muno imatuluka m'mbali mwa mpando kapena m'chitseko. Pa Volvo C70 ya 2006 inkafufuma chokwera kuchokera m'chitseko, ngakhale zenera lili lotsegula. Pali chipangizo chinanso chimene chimagwira buleki ya tayala limodzilimodzi galimoto ikayamba kuterereka, a BMW amachitcha DSC, ndipo ku Ulaya galimoto yatsopano iliyonse imayenera kukhala nacho kuyambira mu Novembala 2014. Z4 imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo pamsewu wonyowa, monga imakhalira kawirikawiri misewu ya ku Manchester, kumbuyo kwake sikuchedwa kutaya njira munthu akaponda mafuta mwamphamvu pakona. Batani lozimitsira chipangizochi lilipo, ndipo ndikupempha kuti asalikhudze pamsewu wa anthu onse.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi chakuti galimotoyi ndi yogwiritsidwa kale ntchito. Z4 ya 2019 inapeza nyenyezi zisanu pa mayeso a Euro NCAP, bungwe la ku Ulaya loyesa chitetezo cha magalimoto pa ngozi, koma nyenyezi zimenezo ndi za mtundu umenewo wokha, osati Z4 yakale ya m'zaka za 2003 mpaka 2008, imenenso ili ndi denga la chinsalu. Ndiponso galimoto imene inachitapo ngozi n'kuwongoledwa mwachinyengo imakhala itataya mphamvu ija ya pansi ndi ya m'mizati, ngakhale penti ikuwala. Ku Britain galimoto yoonongeka mafupa a thupi lake, imene a inshuwalansi anaikana kuikonza, imalembedwa kuti Cat S, ndipo yotere ine sindingamulole kuigula, mtengo utsike chotani.

Msuweni, ukakalowamo uyatse galimoto n'kuyang'anitsitsa kanyali ka airbag pa dashibodi. Kayenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenako n'kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, ukayikire kuti wina anakathimitsa dala pofuna kubisa vuto, ndipo kakakhala koyakabe, galimotoyo singakhoze MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu ku Britain. Ukokenso malamba onse awiri mwadzidzidzi uone ngati akugwira. Usanapereke ndalama iliyonse, unditumizire chaka chake ndi nambala yake kuti tione limodzi mbiri yake ya MOT ndi ya inshuwalansi.