Momwe Alan Page analowera m'khoti lalikulu la Minnesota

Achimwene, mwafunsa kuti wosewera mpira anakhala bwanji woweruza wa khoti lalikulu ku America, komanso ngati anamusankha ndi pulezidenti. Khoti la Alan Page si la ku Washington lija la oweruza 9. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chili ndi khoti lake lalikulu. La Minnesota lili ndi oweruza 7, ndipo pulezidenti alibe nalo mawu.

Page anabadwa mu 1945 ku Canton, Ohio. Anasewera mpira wa ku America (American football) mu timu ya Minnesota Vikings kuyambira 1967 mpaka 1978, kenaka Chicago Bears mpaka 1981. Mu 1971 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, woyamba mwa otchinga kumbuyo kulandira ulemuwu. Koma mpira si umene unamupatsa mkanjo wa uweruzi. Anaphunzira zamalamulo pa University of Minnesota akusewerabe, namaliza mu 1978, ndipo kuyambira 1985 anali loya mu ofesi ya loya wamkulu wa boma la Minnesota.

Pofunika kumvetsa ndi apa. Pa malamulo, oweruza a ku Minnesota amavoteredwa ndi anthu, opanda chizindikiro cha chipani, ndipo amakhala pampando zaka 6. Koma ambiri salowera pa voti. Woweruza akapuma nthawi yake isanathe, bwanamkubwa amasankha womulowa m'malo, ndipo watsopanoyo akafika pachisankho, pepala lovotera limalembedwa pafupi ndi dzina lake kuti ndiye ali kale pampando. Kumugwetsa wotereyu n'kovuta zedi, choncho mphamvu yeniyeni imatsalira m'manja mwa bwanamkubwa.

Page anakana kutsekeredwa khomo. Mu 1992 bwanamkubwa Arne Carlson anawonjezera nthawi ya woweruza Lawrence Yetka, zomwe zikanachititsa kuti pampandowo pasakhale chisankho chaka chimenecho. Page anakasuma, nawina mlanduwo, dzina lake linalowa pa pepala lovotera ndipo anapambana. Anayamba ntchito mu Januwale 1993, munthu wakuda woyamba m'khotilo. Anasankhidwanso mu 1998, 2004 ndi 2010, napuma mu 2015 chifukwa lamulo la kumeneko silola woweruza kupitirira zaka 70 zakubadwa.

Kuvotera oweruza kuli ndi minga yake. Kampeni imafuna ndalama, ndipo opereka ambiri ndi maloya omwe mawa lake adzaima pamaso pa woweruzayo. Minnesota inkaletsa ofuna uweruzi kulengeza maganizo awo pa nkhani zokanganitsa anthu, koma mu 2002 khoti la ku Washington linathetsa chiletsocho pa mlandu wa Republican Party of Minnesota v. White, ponena kuti chikuphwanya ufulu wolankhula. Ngakhale zili choncho, ine ndimaona kuti popanda voti, Page akanangodikira chifundo cha bwanamkubwa.

Musaiwalenso kuti ntchito ya khoti lalikulu la Minnesota ndi ya apilo makamaka: kulibe mboni, oweruza amawerenga zikalata, kumva maloya a mbali zonse, kenaka ochuluka ndiwo amagamula.