Funsani Malume: Kochi amandiika paliponse

FUNSO: Malume, ndimasewera mpira wamiyendo m'timu ya achinyamata kuno kwa Mponda. Kochi sandipatsa malo amodzi: lero kumbuyo, mawa pakati, Loweruka lapitali pagolo penipeni chifukwa goloboyi wathu anapita kunyanja kukagula usipa. Anzanga akuti ndine chigamba. Msuweni wanga amene amaonera baseball pafoni akuti ku America osewera otere amalemera. Ndi zoona?
Mnyamata wa ku Mangochi

YANKHO: Mphwanga, msuweni wakoyo sananame, kungoti wakuuza mbali yokoma yokha.

Baseball ndi masewero omenya kampira ndi ndodo. Mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, timu imasewera masewero 162 pachaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku, ili ndi osewera 26 basi, ndipo theka la iwo ntchito yawo ndi kuponya mpira kokha. Otsalawo amatopa, amavulala. Ndiye munthu amene angatseke malo atatu kapena anayi, kochi samutaya wamba.

Amene ndimamukonda ine ndi Ben Zobrist. Ku timu ya Tampa Bay Rays ankamusinthasintha ngati iwe, lero m'kati mwa bwalo, mawa kunja kutali, magulovu ake osiyana malinga ndi malo. Mu 2015 anatenga World Series, chikho chachikulu cha ligiyo, ndi timu ya Kansas City Royals. Kenako Chicago Cubs inamupatsa kontrakiti ya zaka 4 ya madola 56 miliyoni, ndipo mu 2016 anatenganso chikhocho, chimene Cubs inali isanachigwire kuyambira 1908. Pamasewero otsiriza ndi Cleveland, mpira umene anamenya iye ndi umene unaika Cubs patsogolo, ndipo anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Series imeneyo.

Alipo wina, Bert Campaneris, amene mu 1965 anasewera malo onse 9 pamasewero amodzi, koma zimenezo zinali zokopa anthu kubwalo.

Chimene msuweni wako wasiya ndi ichi: Zobrist ankamenya mpira, kumanja ndi kumanzere komwe. Kochi ankamufunira malo chifukwa sakanatha kumusiya pabenchi. Ambiri ongotseka mipata amangoyendayenda m'matimu, osakhazikika.

Tsono kumbuyo ndi pakati usakane, ukuphunzira kuwerenga mpira. Koma usankhe chinthu chimodzi, kaya mapasi ataliatali kaya mwendo wamanzere, uzitsalira nacho pabwalo anzako akaweruka. Za pagolozi uwauze akochi mwaulemu kuti apeze goloboyi wachiwiri, nyengo ya usipa siinathe.