Anawo pitani nawo ku Edinburgh

Mayi, poti muli kale ku UK ndipo mukufuna koyenda ndi ana pa tchuthi cha Khirisimasi, ine ndingati Edinburgh, likulu la Scotland. Sitima yochokera ku siteshoni ya King's Cross ku London imatenga maola pafupifupi 4 ndi theka. Msika wa Khirisimasi umakhala ku Princes Street Gardens, komwe kulinso chiboliboli cha David Livingstone. Anga anachita kudabwa kumupeza kumeneko mzungu wa m'mabuku akusukulu uja. Kukazizira kwambiri, thawirani mu National Museum of Scotland, kulowa n'kwaulere.

Koma mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye muzilawirira. Malo ogona pezeranitu, pofika Hogmanay, chikondwerero chawo cha Chaka Chatsopano, mitengo imakwera moopsa. Ngati wina ali ndi mphumu, muonane kaye ndi dokotala musananyamuke, mphepo ya kumeneko imabaya.