Mafuta "otsitsa chitetezo" pankhope ya mwana: yankho kwa mayi wa ku Nkhotakota

Imelo yanu, mayi, ndinaiwerenga usiku magetsi atazima, ndipo tulo sitinabwerenso msanga. Mwati mwana wanu wa zaka 7 ali ndi eczema, imene ena amangoti chikanga, kuzungulira maso ndi m'khosi. Adokotala amulembera tacrolimus, koma mutamva kuti ndi mankhwala otsitsa chitetezo, kachubu mwakatsekera m'sutikesi. Funso lanu ndi lakuti: mumupake kapena ayi?

Ndikudziwa pamene mtima wanu wadumphira. Ife Amalawi mawu akuti "chitetezo chatsika" sitiwamva ngati mawu wamba. Tinawaphunzira pamaliro, tinawamva akunong'onezedwa kuseri kwa nkhokwe. Ndiye wina akakuuza kuti upake mwana wako chinthu chotsitsa chitetezo, umaona ngati akukupusitsa. Ine ndinaopa chimodzimodzi, koma mantha anga ndinawaika pa chubu cholakwika.

Nthendayi inandiyamba ndikuphunzitsa Sitandade 4 kufupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima. Mukudziwa kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, thukuta limachita kuyenderera ukadali kuvala. Onjezani fumbi la choko. Zikope zinkayabwa moti ndinkadzikanda m'tulo, m'mawa n'kupeza timadontho ta magazi pa pilo. Ikafika Juni, mwera ukuwomba, khungu linkauma n'kumasweka ngati dothi la m'dambo lophwa. Azakhali anati ndi mphere. Ndinawiritsa zofunda zonse, osasintha. Mnansi anati ndi chipere. Wina kutchalitchi anandigwira dzanja n'kundifunsa mwaulemu ngati ndinayezetsapo magazi. Ndinali nditayezetsa kale, ndipo ndilibe kachilombo, koma tsiku limenelo ndinalira ndikuyenda mumsewu.

Kenako mnyamata wina wogulitsa zodzola pamsika, katundu wake atamuyala pa lona pakati pa zingwe za foni ndi zipeso, anandipatsa kakirimu kotchipa. Masiku atatu okha, kuyabwa zii. Ndinamudalitsa mnyamata uja ndi mtima wonse. Ndinadzola pafupifupi zaka ziwiri, m'mawa ndi madzulo, osafunsa munthu. Nkhope inayamba kuyera mawangamawanga, aphunzitsi anzanga n'kumaseka kuti madamu ayamba kudziyeretsa. Khungu la pansi pa maso linapyapyala mpaka timitsempha tinkaoneka. Ndikangosiya sabata imodzi, nkhope inkatupa n'kumawotcha kuposa poyamba, ine n'kuthamangiranso ku lona kuja.

M'kakirimu muja munali clobetasol. Ameneyu ndi steroid, mtundu wa mankhwala oletsa kutupa ndi kuyabwa, wamphamvu kwambiri, ndipo madokotala salola kuti apakidwe kumaso mwachisawawa, chifukwa amadya khungu, ndipo pafupi ndi maso angathe kuyambitsa ng'ala kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso. Ndipo nayenso amatsitsa chitetezo cha pakhungu! Kungoti palibe amene anandiuza. Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Mankhwala amene amabwera ndi dokotala komanso kapepala kofotokoza zoopsa zake timawabisa m'sutikesi, koma amene akugulitsidwa padzuwa pambali pa usipa timawapaka ana athu mosaphethira. Sindikunena kuti ma steroid onse ndi oipa. Hydrocortisone kapena betamethasone wolembedwa ndi dokotala, wa masiku owerengeka, ndiye amayambira pochiza eczema. Choipa ndi kudzipatsa wekha mpaka kalekale.

Ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe kukaonana ndi a za khungu pamene mwamuna wanga anati zakwana. Bambo amene anandiona sanandikalipire, anangoti ndiwaonetse chubu, n'kupukusa mutu. Ndi iwo anandifotokozera kuti pa eczema asilikali a m'thupi amene ali pakhungu amachita ukali popanda mdani, ngati galu wouwa mwini nyumba. Tacrolimus amawatontholetsa pamalo pamene wapakapo. Wolowa m'magazi amakhala wochepa zedi, ndipo sapyapyalitsa khungu, n'chifukwa chake amamusankha pa zikope, kumaso ndi m'khosi.

Poti ndine mphunzitsi, ndinakafufuza mbiri yake. Anamupeza mu 1984 ku Japan, m'tizilombo ta m'dothi la pafupi ndi phiri la Tsukuba. Ana anga a m'kalasi sankakhulupirira kuti mankhwala angachokere m'dothi. Poyamba ankamupereka kwa anthu oikidwa chiwindi kapena impso ya munthu wina, kuti thupi lisachikane, ndipo kumeneko ndiye amatsitsadi chitetezo cha thupi lonse chifukwa amamwa kapena kubayidwa. Wodzolayu, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Protopic, anavomerezedwa ku America mu 2000. Mu 2006 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaika chenjezo pa bokosi lake chifukwa anthu ochepa amene ankamugwiritsa ntchito anapezeka ndi khansa ya pakhungu kapena ya lymphoma, imene imagwira asilikali a m'thupi, ngakhale sizinatsimikizike kuti mafutawo ndiwo anayambitsa. Chenjezolo ndi limene mwina lakuopsezani pa intaneti. Ine ndimalimva motere: paka pochepa, pamalo podwala pokha, ndipo dokotala azikuona.

Sabata yoyamba

Palibe anandikonzekeretsa mokwanira za ululu wa tacrolimus nditayamba kumupaka. Usiku woyamba zikope zinawotcha ngati ndazigwira ndi zala zimene ndadulira kambuzi. Ndinakhala pakhonde ndikudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, ndikunena kuti mawa ndikataya. Mwamuna wanga anati ndipirire, adokotala ananena. Tsiku lachinayi kuwotcha kunachepa, pofika sabata kunatha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinagona mpaka tambala osadzikanda. Pa ukwati wa mphwanga ndinalawa kapu imodzi ya vinyo, nkhope n'kutentha, kufiira ngati ndapsa ndi nthunzi. Zimachitika ndi mankhwalawa ukamwa mowa. Mwana wanu izi sizimukhudza, koma bambo ake akadzabwereka chubucho adziwe. Ndipotu asabwereke.

Za mtengo ndisayambe, ndingalembe mpaka mawa. Kuno sindinamupeze, ndinagula kufamase ku Lilongwe, ndipo atanditchulira ndalama ndinayamba ndakhala kaye pabenchi. Ubwino wake kachubu kamodzi kamakhalitsa chifukwa sumapaka ngati Vaseline. Ndipo Vaseline yemweyo, wopanda fungo, ndiye amagwira theka la ntchito: ndimadzola ndikangosamba thupi lisanaumitsitse, ndipo sopo wochapira zovala ndinasiya kusambira.

Tsopano yankho lanu, mayi. Tulutsani kachubuko. Onani ngati palembedwa 0.03%, ndiyo ya ana a zaka 2 mpaka 15. Ya 0.1% ndi ya akuluakulu, ndipo mwana wosakwana zaka 2 sapakidwa. Pakani pang'ono kwambiri, kawiri pa tsiku kapena mmene adokotala alembera, pakhungu louma, osalowetsa m'diso, osamanga nsalu pamwamba, kenako sambani m'manja. Pakati pa mankhwalawa ndi Vaseline pazidutsa maola awiri. Muzimuveka chipewa, ndipo asamakhalitse padzuwa kunyanja masana. Pamene pali mafinya kapena chilonda musapake. Mukaona timatuza tambiri towawa tatuluka mwadzidzidzi, kapena thupi latentha, siyani n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mwanayo ali ndi kachilombo ka HIV kapena matenda ena ofooketsa chitetezo, uzani adokotala musanayambe, musabise. Pakatha masabata awiri osasintha, bwererani ndi buku lake la kuchipatala.

Ndipo ngati m'nyumbamo muli kakirimu ka pamsika kamene mwakhala mukumupaka, katengeni mukawaonetse adokotala. Musachite manyazi, ine ndinapita ndi machubu atatu m'chikwama.